Ndinatema Paipi ya Madzi, N'kukhala Chete

Inu owerenga, manyazi anga anatsala pang'ono kundiphera mwana. Sindinapite patali ndi sukulu, koma ndalimba mtima kulemba kuti wina asadzachite zomwe ndinachita ine.

Kwathu ndi ku Domasi. Madzi a pampopi wa m'mudzi mwathu amachokera kuphiri, m'paipi yokwiriridwa pansi. Chaka china kunabwera anthu a zamadzi ndi pepala lomwe ankati lajambulidwa ndi makina otchedwa kompyuta. Linkaonetsa malo omwe mvula ingakokolole dothi n'kusiya paipi pamtunda. Pamalo oterowo anakhoma zikhomo zofiira, natiuza kuti pasakumbidwe.

Tsoka lake, chikhomo china chinali pomwe amayi tinkakumba mtsiro wozirira nyumba. Mtsiro wake wakuda bwino, wosang'ambika ukauma. Tsiku lina apongozi anga anatumiza uthenga kuti akubwera kuchokera ku Malosa kudzaona mdzukulu wawo, Esinati, yemwe anali atangoyamba kuyenda. Ndinaopa kuti andipeza m'nyumba mosazira. Ndinati ndikangotapa kadengu kamodzi.

Khasu lachitatu linagunda chinthu cholimba. Madzi anathovoka n'kundinyowetsa kumaso. Ndinathamangira kunyumba, n'kudula mphira pachubu chakale cha njinga ya amuna anga. Ndinamanga pong'ambikapo, n'kukwirira, n'kuikapo zinyalala. Sindinauze munthu aliyense.

Mvula itayamba, dzenje langa lija linasanduka chigwembe. Madzi onse otsika kumtunda, kodutsa makola ndi zimbudzi, ankadzera momwemo. Kumpopi madzi anayamba kudukiza, ndipo akabwera ankakhala ofiirira. Mayi Jailosi, omwe ankayang'anira mpopiwo, anafunsa tonse tili pamzere: "Amayi inu, palibe waona paipi ikudontha penapake?" Ine ndinangoweramitsa mutu, n'kumakonza nkhata yanga. Ndinatunga madziwo, ndikudzinamiza kuti akadikha ayera.

Patapita masiku atatu Esinati anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Maso analowa, liwombo linalowanso, kulira kwake osamveka. Tinamukweza panjinga mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi. Njira yonse ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Kuchipatala tinapeza ana ena awiri a m'mudzi mwathu atagonekedwa kale, diripi ili pamkono. Apo m'pomwe ndinadziwa kuti khasu langa silinateme paipi yokha.

Mayi Jailosi atabwera kudzazonda, ndinawagwira nsalu n'kuulula zonse ndikulira. Iwo anati, "Mwana iwe, tsiku lija pamzere pakamwa unapasiya kuti?" Sanakhale pansi. Anatuluka kukauza anthu kuti asatungenso, n'kuitanitsa bambo wokonza mapaipi.

Ana onse atatu anachira, ngakhale Esinati anasiya kuyenda kwa miyezi ingapo, n'kuyambiranso kukwawa.

Inu anzanga, chikhomo mukachiona, chiopeni ngakhale simukuona chomwe chili pansi. Ndipo mukalakwa, nenani pomwepo. Kukalipiridwa kumatha tsiku lomwelo.

Tsiku lokonza paipi anandiitana kuti ndikaloze malo. Bambo uja anamasula mphira wanga, atafumbwa kale, n'kundipatsa m'manja.

"Mayi," anatero, "mukanandiuza tsiku lomwelo, iyi inali ntchito ya ola limodzi."