Chaka Chimene Atsibweni Anasiya Chamba

Mundikhululukire, inu amene mudzawerenge izi, chifukwa cholimba mtima kugwira cholembera. Sukulu yanga inali ya pamudzi, yofolera udzu, ndipo sindinapite nayo patali. Mawu ena akapotoka muwaongole mumtima mwanu. Ndikulemba chifukwa ana anga amandifunsa kuti atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anali munthu wotani, ndipo pakamwa ndimachita chibwibwi.

Tinkakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya dothi pafupi ndi kamtsinje kozizira. Atsibweni ndiwo anatitsogolera kuchokera kutsidya kwa Apwitikizi ine ndili kumsana. Ukwati wawo unatha kalekale, ndiye ankakhala nafe. Bambo atamwalira, nyumba ndi kamunda kathu ka chimanga zinatsamira pa ntchito ya atsibweni, pakuti ine ndinali ndisanawerengedwe ngati mwini khomo. Pa esiteti lamulo linali losabisa: mwini khomo akachotsedwa ntchito, denga limasasulidwa, banja nkuona msewu.

Nyengo imene ndimaisowa mpaka lero ndi yodulira tiyi, m'miyezi yozizira. Belu likalira tinkatuluka m'chifunga, tikumva mawu a anzathu koma osawaona. Aliyense anali ndi mpeni wokhota kunsonga ndi kandodo koyezera msinkhu wa tchire la tiyi, kuti mzere wonse ukhale wosalala ngati mphasa. Nthambi zodulidwa zinkanunkhira ngati mvula. Chaka chimenecho ndinali nditangopatsidwa mpeni wanga, ndipo amuna ogwira nawo ntchito ankanditcha "aphunzitsi" chifukwa ndinkadziwa kuwerenga. Akatero ndinkayang'ana pansi, koma mumtima ndinkakondwa. Atsibweni ankadula mzere woyandikana ndi wanga, akuimba nyimbo za Chilomwe motsitsa, ndipo dzanja lawo linali lofewa pa tiyi kuposa la wina aliyense.

Dzuwa likakwera, amuna ankakhala pamthunzi, kaliwo wa chamba nkumazungulira. Ankati chimachotsa chisanu m'mafupa ndi kufupikitsa mzere. Akapitawo ankayang'ana kumbali, poti ntchito inkatha msanga. Ambiri ankakoka kamodzi kapena kawiri nkubwerera ku mpeni. Atsibweni ayi. Iwo anachiyamba ku nkhondo ya Ajeremani, kumene anakasenza katundu wa asilikali, ndipo zimene anaona kumeneko sankazinena. Ankasuta podzuka, masana, ndi pogona. M'kupita kwa zaka anayamba kuiwala kudya, nthawi zina nkumayankha anthu amene ife sitinkawaona.

Tsiku lina m'mawa, pabwalo la fakitale pomwe tinkaitanidwa mayina, panafika amesenjala awiri a ku boma. Anati lamulo loletsa chamba linalipo kale koma tsopano lamera mano. Wopezeka akulima, kusunga kapena kusuta, kundende. Mzungu wa pa esiteti anaonjezera, kudzera mwa akapitawo, kuti womangidwa asayembekeze kudzapeza nyumba yake ili chiimire.

Mkulu wina wa imvi anakweza dzanja. "Nanga amene chinamulowa kale m'magazi, boma limupatsa chiyani?"

"Ndende," anatero mesenjala wamkuluyo.

"Ndiye kuti ndi mankhwala amphamvu, ndendeyo," anatero mkulu uja, anthu nkuseka. Amayi, amene anaima kumbali ya akazi ndi dengu kumsana, sanaseke.

Sipanapite nthawi, mnansi wathu wa kutsidya kwa kamtsinje anagwidwa ndi kamtolo m'thumba. Tinaonerera udzu wa denga lake ukuponyedwa pansi, mkazi wake atasenza mphika ndi mphasa, ana akumutsatira kulowera njira ya ku Bvumbwe. Pamthunzi paja kaliwo anasowa. Atsibweni okha ndiwo anapitiriza, tsopano mobisa, ali okhaokha m'thengo, ndipo posowa wowalanda kaliwo ankasuta koposa kale.

Lachiwiri lina ndinatembenuka nkuona kandodo kawo koyezera kali pansi kumayambiriro kwa mzere. Iwo anali patali, akuimba, akudula tiyi mpaka kutsinde. Mzere wonse unali zitsa zokhazokha. Ndinafuna kufuula koma ndinabwerera ku mzere wanga. Kwathu mwana sadzudzula atsibweni ake. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndiwo amene amadzudzula ena onse.

Madzulo akapitawo anafika pakhomo nakhala pa mtondo wogona. Anali munthu wa mtima wabwino, ngakhale ankakalipa pa ntchito.

"Mayi, kwa mzungu ndanena kuti ndi chiswe chinadya mzerewo. Chiswe sichidya kawiri. Mvula yoyamba ikangogwa amesenjala adzasecha nyumba zonse za mbali ino. Akadzapeza ngakhale kambewu kamodzi, ine manja anga ndi awa."

Amayi anandituma kuti ndiperekeze atsibweni ku chipatala cha mishoni, tikunamizira chifuwa chawo. Tinayenda m'mawa wonse. Kumeneko bambo wina wothandiza adokotala, wovala zoyera, anawamvetsera pachifuwa, nawayang'ana m'maso, kenaka ananditengera kuseri kwa khonde.

"Mwana wanga, pano tili ndi mankhwala a zilonda, a njoka za m'mimba, a malungo. A chimenechi palibe. Boma silinatipatse, mwina nalonso lilibe. Ndingokuuza zimene ndaona. Masabata oyamba ndiwo oopsa. Sadzagona, sadzadya, adzakutukwanani. Musawasiye okha. Ndipo pakhale munthu wotha kuwalanda kaliwoyo."

Nditafotokoza kunyumba, amayi anapitiriza kusenda chinangwa. Wowalanda ndani? Ine sindikanatha. Amayinso sakanatha kutambasula dzanja pa chinthu cha achimwene awo. Aphunzitsi a ku tchalitchi anali atayesapo kale, atsibweni nkuwavomera mwaulemu, nkupita kukasuta. Kenaka amayi anaika mpeni pansi nati, "Kaitane adzukulu."

Ndifotokoze pang'ono, pakuti ana a masiku ano sazidziwa bwino. Bambo atamwalira tinali alendo opanda abale okwanira, ndipo amene anasambitsa mtembo ndi kukumba manda anali bambo wina wa Chimang'anja, wodula nkhuni za ku fakitale. Kuyambira tsiku limenelo anakhala adzukulu athu. Anali ndi ufulu wotitukwana pagulu, wotola nkhuku pabwalo pathu nkupita nayo, ife osatsegula pakamwa. Kukwiyira adzukulu ndi chinthu chochititsa manyazi kwambiri, pakuti mawa ndiwo adzakunyamule.

Anafika m'mawa mwake, belu lisanalire, atanyamula bango lalitali. Anali wamfupi, wa dazi, wa mano otalikirana. Atsibweni anali pakhonde akutsendera chamba m'kaliwo. Adzukulu sanapereke moni. Anangoimika bango pambali pawo nayamba kuyeza.

"Taimirira bwino, iwe. Ukundipotozera muyeso."

"Adzukulu, mwadzuka ndi chiyani lero?"

"Ndadzuka ndi ntchito. Ndamva kuti watsala pang'ono. Ndiye ndati ndiyezeretu, kuopa kudzakumba dzenje lalifupi miyendo nkutsala panja. Mutalikiranji chonchi, Alomwe inu? Mumatitopetsa."

Atsibweni anaseka mokakamiza. Adzukulu anawerama, natenga kaliwo m'dzanja lawo ngati akutola chipatso, namuika m'thumba la malaya.

"Ameneyu ndi wanga. Katundu wa maliro ndi wa adzukulu."

Ndinaona nkhope ya atsibweni ikusintha. Dzanja linafumbata. Ndinaganiza kuti lero mwambo uthyoka. Koma anangoti, "Tengani."

Masabata otsatirawo sindiwaiwala. Atsibweni ankadzuka maso ali psuu, malaya atanyowa thukuta m'chisanu chonsecho. Chakudya ankachikankha. Tsiku lina anaponya mbale pakhoma natukwana amayi m'Chilomwe mawu amene sindingawalembe. Amayi anatola mbaleyo, naitsuka, naikamo chakudya china. Ku ntchito manja awo ankanjenjemera, ndiye ndinkati ndikatha mzere wanga ndilowe mu mzere wawo kuchokera kumapeto, kuti tikumane pakati. Amuna ena aja, omwe ankanditcha aphunzitsi, nawonso ankadulako matchire angapo podutsa, ngati alakwitsa mzere.

Adzukulu ankabwera m'mawa uliwonse kudzawaperekeza, madzulo nkudzakhala nawo mpaka nkhuku zitalowa. Ankabweretsa nzimbe kuti pakamwa pasakhale chabe, ndi fodya wa mphuno m'kabotolo. Ankawatukwana njira yonse.

"Yenda msanga, mtembo iwe. Anzako ndinawaika ankayenda bwino kuposa pamenepa."

"Adzukulu, tsiku lina ndidzakuikani ndine."

"Ndi manja onjenjemerawo? Udzandigwetsa panjira."

Zinkaoneka ngati zikuyenda, mpaka Lamulungu lina masana atsibweni anazemba ife tili ku tchalitchi. Anabwera dzuwa litapendeka, akuseka okha, fungo lake likumveka patali. Amayi analowa m'nyumba nakhala kukhoma. Ine ndinathamangira kwa adzukulu, ndikulira ngati kamwana.

Adzukulu sanakalipe. Anatenga khasu lawo, nabwera, nayamba kukumba kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi nthochi. Dothi la chilimwe linali louma ngati mwala, khasu likulira. Anansi anayamba kusonkhana.

"Kwagwanji, adzukulu?"

"Palibe chagwa, koma chigwa. Dothili ndi lolimba, ndiyambiretu. Akapita kundende uyu sabwerako, chifuwa chake ndachimva. Ndipo mlongo wake ndi mnyamatayu adzakhala ali pamsewu, wondiphikira pa maliro adzakhala ndani? Bola ndidyeretu lero. Mayi, gwirani nkhuku!"

Akazi awiri a kwa adzukulu anakhala pansi nayamba kulira maliro monamizira, akutchula ubwino wa atsibweni, mmene ankadulira tiyi, mmene anasenzera mlongo wake powoloka mtsinje pobwera kuno. Anthu ankaseka. Atsibweni anaima potero akuyang'ana dzenjelo. Poyamba ankaseka nawo. Kenaka anasiya. Anapita, nagwira mpini wa khasu, nati motsitsa, "Basi, adzukulu. Kwirirani." Nkhuku ija inadyedwa ndithu, ife osalawako.

Kuyambira pamenepo sanazembenso. Pang'onopang'ono anayamba kudya, tulo tinabwerera, dzanja linakhazikika. Sindinganame kuti anakhala ngati kale. Masiku ena m'mawa ankandiuza kuti alota ali paulendo wa kunkhondo, katundu ali pamutu. Koma ankanena, pamene kale sankanena.

Mitambo itayamba kusonkhana kuphiri, tsiku lina atsibweni anaitana adzukulu ndi ine, nakwera pa mtondo, napisa dzanja m'denga pamwamba pa khomo. Anatulutsa kachikho kotseka ndi chitsononkho. Munali mbewu ya chamba. Ndinadzidzimuka poganiza kuti nthawi yonseyi tinkalowa ndi kutuluka pansi pake.

"Iyi ndinachoka nayo kwathu," anatero. "Ya m'munda mwa bambo anga. Chaka ndi chaka ndinkabzala pang'ono kuti isathe. Chinthu china cha kwathu ndilibe."

Adzukulu sanatukwane ulendo umenewu. Analandira ndi manja awiri.

"Ndikaiika bwino, ngati munthu. Ndikumbira dzenje lakuya, pamutu ndiikepo mwala."

Amayi, amene ankamvetsera pakhomo, anaomba m'manja. "Adzukulu, mwapenga? Mvula ili pafupi, inu mukakwirire mbewu m'dothi? Mukufuna amesenjala adzapeze munda?"

Adzukulu anakanda dazi lawo. "Ine ntchito yanga ndi kukwirira. Zimene ndimakwirira sizimera."

Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kwawo kwenikweni kumene ndinali nditakuiwala. Amayi anaika phale pamoto panja, nakazinga mbewuyo mpaka inada bii, ife titaima kumene mphepo imachokera. Atsibweni eniake ndiwo anakataya makala ake m'kamtsinje. Anakhalako nthawi, ndipo palibe anawatsatira.

Masiku ano ndikamva kuti wina wamangidwa chifukwa cha chamba, ndimaganiza za bambo uja wa ku chipatala ndi mashelefu ake a mankhwala. Ine si munthu woti ndingalangize boma. Koma ndimaona kuti likanakhala ndi kachipinda kamodzi kosungirako anthu otere masabata oyamba aja, ndi munthu wokhala nawo, madenga ambiri sakanasasulidwa. Si banja lililonse lili ndi adzukulu ngati athu.

Mvula yoyamba inagwa, tiyi anaphuka masamba anthete, akazi anabwerera m'mizere ndi madengu. Amesenjala anafika monga ananenera akapitawo. Anatulutsa mphasa zathu panja, anavundukula miphika, anabaya denga lonse ndi ndodo, anayenda m'munda mpaka kumtsinje. Mesenjala wamkulu uja ananunkhiza zala za atsibweni, natsegula kabotolo kawo ka fodya, nayetsemula. Amayi anaima atagwira dzanja langa mwamphamvu mpaka linachita dzanzi. Pomaliza mesenjala anapukuta mphuno nati, "Tiyeni nyumba ina."

Akapitawo anatsalira pang'ono. Anayang'ana denga lathu lobayidwabayidwa nati kwa atsibweni, "Mufolere bwino limeneli, mvula yayamba. Mukhalamo nthawi yaitali."

Atsibweni anavula chipewa. Madzulo ake ine ndi iwo tinapita kukamweta udzu. Tsikulo ndinakafunsa kwa akalaliki olemba mabuku a ku fakitale kuti ndisadzaliiwale: linali Lachinayi, pa 19 Novembala, 1931.