Boti lonunkhira paini

Moni nonse abale.

Dzulo Loweruka, 3 koloko masana, bambo a Tadala ananditenga kudamu lina kufupi ndi Lobi kukaona maboti awiri. Akufuna kugula limodzi loti aziwedzera nsomba akaweruka kutchalitchi, chonsecho kusambira sadziwa.

Mabotiwo ndi ofanana, onse abuluu. Mwini wake anati, "Onsewa ndi mlombwa, achimwene, koma tengani latsopanoli." Lakalelo linali pamadzi. Latsopanolo linali pamtunda, penti waphaka wambiri, ndipo anakana kulitsitsira m'madzi, akuti silinaume.

Mukundidziwa, ine pamaso pa azibambo sindiyankhula. Ndinangowerama ngati ndikukonza mwana kumsana, n'kukanda kunsi kwa mpando wa latsopanolo ndi chikhadabo. Fungo lake, paini weniweni! Ndinakulira pa utuchi wa abambo kuphiri la Dedza, sindingasokoneze. Paini m'madzi sachedwa kuwola.

Nditawauza bambo a Tadala kunyumba, anangoseka. "Amake Tadala, za maboti munazidziwira kuti?"

Lero m'mawa ndaika kachibanthu kamene ndinabenthula m'botimo pambali pa kapu yawo ya tiyi. Akanunkhiza kawiri. Kudamu sanapite.

Amalume, mukuti titenge lakale lija, kapena nalonso ndikayambe ndalikanda?