Phunziro la Ndege ku Utale

Ndinkaphunzitsa Sitandade 8 ku Utale m'zaka za m'ma 1970, pamene achimwene anga aakulu anali makaniko wa ndege ku Chileka. Atabwera kudzadya Idi kwa mayi, ndinawapempha kuti adzalankhule ndi ana a m'kalasi mwanga. M'buku la sayansi munali chithunzi cha ndege, koma mafunso a anawo ankandikanika. Ine ndege ndinkangoionera m'mwamba.

Masiku amenewo mlendo sankangolowa m'kalasi. Ahedi anadziwitsa atcheyamani a chipani a dera lathu, ndipo m'mawa wa tsikulo onse awiri anakhala kumbuyo pa mipando ya mu ofesi.

Achimwene anabwera ndi njinga komanso jeki ya galimoto imene anabwereka kwa mwini chigayo. Anaimika njingayo patsogolo n'kufinya buleki.

"Mwaona? Mphamvu ya dzanja langa ikuyenda m'kachitsuloka mpaka kugudumu," anatero. "Ndege zina za jeti, zikuluzikulu ndithu, zimawongoleredwa chonchi. Woyendetsa akakoka chiwongolero, waya amakoka kachitseko kakang'ono kumchira. Mphepo ikamenya kachitsekoko, imakankha chitseko chachikulu, ndege n'kukweza mphuno. Liwiro likachuluka, chiwongolero chimalemera. Manja amakuuza okha kuti basi, usapitirire."

Kenaka anaika jeki pansi pa benchi pamene panakhala anyamata anayi, n'kuitana mtsikana wochepa thupi kuposa onse. Mtsikanayo anapopa ndi dzanja limodzi, benchi n'kutukuka mbali imodzi, anyamata aja n'kugwirana. Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

"Walemedwa?" anamufunsa.

"Iyayi."

"Ndi mmene zilili ndege zina. Woyendetsa amangotsegula njira, ndipo mafuta opanikizidwa m'mapaipi ndiwo amakankha. Mphamvu ndi yochuluka, koma manja samva kanthu. Ndiye anaikamo masipuling'i oti chiwongolero chizilemera mongoyerekeza."

Apa atcheyamani anatsokomola. "Nanga yabwino ndi iti, bambo?"

"Zonse zimauluka bwino," anayankha achimwene. "Ya mafuta ndiyo ipite patsogolo, chifukwa ndege zikukulirakulira ndipo mkono wa munthu sungazithe. Koma ine mtima wanga uli pa ya waya. Woyendetsa amene samva yekha kulemera kwa chimene wanyamula, wongomva zimene ena am'konzera, akhoza kuthyola ndege osadziwa."

Atcheyamani anafunsanso kuti, "Woyendetsa wake uti ameneyo?"

"Wa ndege," achimwene anatero akuseka. Anaseka okha. Ahedi anayang'ana pansi.

Patatha milungu itatu, alamu anga, akazi a achimwene, anatsika sitima pa Utale mwana ali kumbuyo. Anati amuna awiri anakawatenga achimwene kuntchito dzuwa lili paliwombo, ovololo ili m'thupi. Kumene anapita nawo sanauzidwe.

Lolemba lotsatira ndinaitanidwa ku Balaka. M'chipinda munali tebulo ndi bambo wina wa jekete amene sananditchulire dzina lake. Anandikankhira pepala ndi cholembera.

"Lembani zimene ananena, aphunzitsi. Zonse."

Ndikanatha kulemba kuti ndinaiwala. Ndikanatha kudumpha mawu aja. Koma ahedi ndi atcheyamani anamva ndi makutu awo, ndipo ndinadziuza kuti akawerenga za waya, za mafuta ndi za jeki, adzaona okha kuti nkhani inali ya ndege basi. Chifukwa china ndimachibisa ndikamakamba nkhaniyi: ndinali ndi ana awiri, bambo awo anapita ku Joni osabwerera, ndipo ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Ndinadzaza masamba awiri, jeki nayo ndinaijambula.

Bamboyo anawerenga mosafulumira, n'kudula mzere pansi pa chiganizo chimodzi chokha. "Zikomo, mwatithandiza," anatero.

Kunyumba mayi anandifunsa kuti ndakanena chiyani. Ndinati zoona zokhazokha. Anangonyamula khasu n'kupita kumunda, chonsecho sinali nyengo yolima. Alamu anga sanapondenso pakhomo panga. Teremu isanathe, ndinasamutsidwira ku Chikweo, kumene ndinkayenda theka la tsiku kuti ndipeze galimoto.

Achimwene anatuluka m'ndende dzinja litadutsa kawiri. Ntchito inali itatha, mano akutsogolo atatha, ndipo ankayenda mokoka mwendo. Anayamba kukonza njinga pakhonde la sitolo ina pa Nsanama. Kwa miyezi ingapo, ndikafika pa Nsanama ndinkazungulira kuseri kwa msika kuti asandione.

Lachisanu lina ndinalimba mtima. Ndinawapeza akumata chubu. Tinapatsana moni, anafunsa za ana, ine n'kukhala pa njerwa.

"Achimwene, ku Balaka kuja ndinalemba pepala."

"Ndikudziwa. Anandiwerengera kangapo konse." Anamiza chubu m'beseni la madzi kufunafuna pobooka. "Munamvetsa phunziro lija, achemwali. Simunaphonye paliponse, ngakhale za masipuling'i."

Ndinadikira kuti andikalipire kapena anene kuti andikhululukira. Ndinawayang'ana kumaso kuti ndidziwe ngati akundinyoza, koma maso awo anali pa thovu la m'beseni. Posakhalitsa mwazini anaitana kumzikiti. Achimwene anasamba m'manja, anavala chisoti chawo, n'kundipempha kuti ndiwayang'anire zipangizo mpaka swala itatha.

Ndinakhala pamenepo ola lathunthu. Anabwera alimi awiri ndi njinga zophwa matayala, ndipo ndinawauza kuti adikire mwini wake. Achimwene atabwerako anandifunsa ngati thonje labereka ku Chikweo, ndinati labereka pang'ono. Tinakhala zaka zambiri tikuyenderana pa maukwati ndi pa maliro, koma nkhani ya pepala sitinaikambenso mpaka anamwalira.