Funso la Apongozi ku Kaporo

Ndaphunzitsa bayoloje zaka zambiri, ndipo vuto langa ndi limodzi: munthu akafunsa funso, pakamwa panga pamayabwa. Ana asukulu amandikondera zimenezo. Mng'ono wanga sindikudziwa ngati adzandikhululukire.

Iye anakwatiwa ku Kaporo, ng'ombe zinaperekedwa, ndipo mwana woyamba anabadwa wamwamuna. Mwanayo anakwanitsa chaka khosi lisanalimbe. Mutu unkangogwera pachifuwa, kukhala pansi osatha, thupi kumangoonda ngakhale ankadya. Akuchimuna sanachedwe kupeza chifukwa. Anati walodzedwa, ndipo chala chinaloza mkulu wawo wa apongozi ake aamuna, nkhalamba imene mlandu wake unali kukolola mpunga wambiri chaka chimene madzi anakokolola minda ya anzake. Kwathu kuno nkhani yotere siithera pakamwa. Anthu anali atasiya kale kuipatsa moni.

Ndinakakamiza kuti tipite naye mwanayo kuchipatala chachikulu. Tinayenda maulendo angapo, magazi anatumizidwa kutali, kenako dokotala wa ana anatikhazika pansi. Mng'ono wanga ankangoyang'ana ine chifukwa Chingerezi cha dokotalayo chinali chothamanga. Ine ndinamva zonse, ndipo ndisabise, ndinadzimva kuti ndine munthu.

Nkhani yake inali iyi. Pakhosi pali kachiwalo kamene kamatulutsa mahomoni, amene ali ngati uthenga wouza thupi kuti likule. Uthengawo umayenda m'magazi, koma sungalowe wokha m'maselo a ubongo. Pakakhungu kokuta selo pamakhala puloteni imene imaunyamula n'kuulowetsa m'kati. Mwa mwanayu puloteniyo sinkagwira ntchito. Uthenga unali mbwee m'magazi, koma ubongo sunkaulandira, ndipo mankhwala oti achiriretu panalibe.

Titabwerako, akuchimuna anaitanitsa abale onse pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko mkazi wobwera salankhula pamaso pa apongozi aamuna, choncho mng'ono wanga anakhala patali, atafunda chitenje, mwana ali pamwendo. Wolankhula ndinali ine, mlendo komanso mphunzitsi.

Ndinaphunzitsa bwino tsiku limenelo, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka. Ndinawakumbutsa za minda ya ku Wovwe, kumene ngalande imatha kudzaza madzi koma munda n'kuuma chifukwa chitseko cholowetsa madzi chatsekeka. Alimi a mpunga sanafune kuti ndibwereze. Anagwedeza mitu. Ndinanenetsa kuti mwanayo anabadwa ndi chitseko chotsekeka, palibe anamuchita chipongwe. Nkhalamba ija inavula chipewa n'kundithokoza kuti yewo. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanakhala pansi pomwepo.

Apongozi aamuna a mng'ono wanga anakonza kukhosi.

"Madamu, mwalongosola makora. Sono chitseko chimenechi mwana anachitenga kwa njani?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndikanatha kunena kuti zimenezo akafunse dokotala. Koma ine, wodziwa zonse uja, ndinayankha ngati ndili m'kalasi.

"Kawirikawiri chimachokera kwa mayi."

Ndinawonjezera msanga kuti nthawi zina vutoli limangoyambira mwa mwana yemweyo, komanso kuti mng'ono wanga sanayezedwe. Ndinabwereza kawiri. Palibe anamva. Mawu oti kawirikawiri anawataya pansi pa mango pomwepo, n'kutola oti mayi. Azakhali a mwamuna wake anafunsa ngati mwana wina wamwamuna angadzabadwenso chimodzimodzi. Ndinati mwina inde, mwina ayi, ndipo iwo anasunga inde.

Mpunga utakololedwa, mng'ono wanga anatsika minibasi kuno ku Mwenilondo, chikwama kumutu, mwana kumsana, akuchimuna atamubweza. Anthu amenewa ng'ombe zikaperekedwa salola mwana kuchoka pamudzi ngakhale ukwati utatha. Koma uyu anamulola, n'kumulipirira thiransipoti.

Ndinapsa mtima. Ndinapita ku Kaporo nditanyamula mapepala onse a kuchipatala. Mlamu wanga, munthu amene ndinkamuona ngati wofatsa, anazemba n'kupita kudimba. Ndinalongosolera apongozi aja mpaka kukhosi kunauma, kuti munthu sasankha zimene wabadwa nazo, kuti apite naye mkaziyo akayezedwe kaye. Anandilandira mwaulemu, anandiphera nkhuku, ndipo potsanzikana anati:

"Sitinanene ndife, Madamu. Munanena ndinu, munthu wa sukulu."

Panjira ndinakumana ndi nkhalamba ija ikuchokera kumsika, ikucheza ndi anthu omwe aja anasiya kuipatsa moni. Inandiimika n'kundipatsa mpunga wodzaza jumbo. Ndinalandira, chifukwa kukana kukanakhala mwano, koma kunyumba sindinanene kumene wachokera.

Tsopano tikukhala limodzi. Mwanayo salandira phala kwa munthu wina aliyense koma mayi ake, ndipo supuni imodzi imatenga nthawi imene ine ndimachongera makope asanu. Mng'ono wanga sanandikalipirepo. Ndikanakonda akanandikalipira. Tsiku lina masana, akupukuta phala pachibwano cha mwana, anandifunsa osandiyang'ana:

"Achemwali, mukanangolekera pa chitseko paja, chikanavuta n'chiyani?"

Ine ndinatsegula kope lina n'kuyamba kuchonga.