Tiyi wa ku Thyolo ndi Mizinga ya Angerezi

Ndinakulira ku Thyolo pakati pa minda ya tiyi, ndiye ndinkadziyesa katswiri. Tsiku lina pa buleki, kufakitale ya masangweji ku Beaumont Leys, m'dziko la Angerezi, ndinaona Mayi Lin, a ku China amene tinkagwira nawo ntchito, akuviika masamba m'kapu.

"Nanunso tiyi anakubweretserani ndi Angerezi, ngati ife?" ndinafunsa modzitama.

Anaika supuni pansi. "Tiyi ndi wathu. Angerezi ankamufuna kwambiri, koma analibe katundu woti ife tingamusirire. Ndiye anayamba kutigulitsa opiyamu, mankhwala ozunguza bongo. Titakana, anabwera ndi mizinga kudzatsegula madoko athu. Ku Japan, a ku Amereka anangoimika sitima zankhondo pagombe, n'kumati abwera kudzapalana ubwenzi."

Ndinayang'ana m'kapu mwanga kukamwa kuli yasa. Tsamba lomwe mayi anga ankathyola m'mame, anthu anafera lomwelo kutsidya kwa nyanja, ine osadziwa.

Ndikanangothokoza. Koma ndinatsokomola n'kunena kuti, "Eya, ndikudziwa. Ndimangokuyesani."

Mayi Lin anandikankhira mbale ya shuga. "Thirani. Nayenso ali ndi nkhani yake, koma poti mukuidziwa kale, sindikuuzani."