Mafunde a Matrawi wometa

Nthawi inali 7 koloko m'mawa, ndipo a Matrawi anali atameta kale theka la mutu wa munthu. Theka linalo linkadikira, chifukwa iwo anali atagwada pa thanki yawo yagalasi, foni m'manja, akuchepetsa mafunde. Ine ndinaima pakhomo nditanyamula mwana wanga Wulan, nditawabweretsera mpunga wa m'masamba a nthochi umene ndimawagulitsa tsiku lililonse.

Malo awo ometera ndi oyandikana khoma ndi nyumba yathu muno mumzinda wa Surabaya. Kwawo ndi ku Madura, kubanja la asodzi okhaokha, koma iwo ankayamba kusanza boti lisanachoke n'komwe padoko. Bambo awo atatopa anawapatsa lumo kuti akayese mitu ya anthu. Patapita zaka makumi awiri, munthu amene anathawa nyanja uja anaigula n'kuiika pafupi ndi benchi yodikirira. Muthanki muja muli nsomba zinayi ndi korali, timiyala tamoyo tanthambinthambi. Korali sayenda, chakudya chimamupeza ndi madzi. Madzi akaima nthawi yaitali, amayera n'kufa.

Pampu yoyamba yoyendetsa madziwo anaisankha momwe amuna amasankhira njinga yamoto: yamphamvu kuposa zonse. Mchenga unauluka thanki yonse, nsomba zinakhala sabata yathunthu zitapanikizika pakona. Yachiwiri inali yofatsa koma yokankha madzi mbali imodzi basi, moti korali wakutsogolo ananenepa, wakuseri n'kuyamba kuyera. Miyezi itatu ankafunsa maganizo kwa aliyense wodzameta, ndipo poti lumo limakhala pakhosi, onse ankavomereza. Mapeto ake anatenga tiwiri tating'ono toyang'anizana, tokankha mosinthana, tomvera foni. Amati m'mawa madzi aziyenda pang'ono, masana mwamphamvu, pa nthawi yodyetsa aime kaye.

Akazi awo, a Suhartatik, anandiuza kuti nsomba zili ndi mafunde a mitundu isanu, pomwe iwo akudzikupiza ndi kalendala chifukwa fani inafa kalekale. Chinawawawa kwambiri n'chakuti zaka zitatu sanapite kumudzi pa Idi, ati korali alibe womusiyira. Chaka chino makolo a amuna awowo anatumiza mawu akuti mwana wawo akapanda kubwera, azikapempha madalitso kwa nsombazo. A Matrawi anati palibe vuto tsopano, nyanja aziiyendetsa ali ku Madura. Basi inali yonyamuka mawa lake.

Ndiye m'mawa wa theka la mutu uja, ine ndili pakhomo pomwepo, magetsi anathima. Madzi anangoti zii. A Matrawi anadina foni, anaigwedeza, anaikweza m'mwamba.

"Achimwene, mutu wangawu nawonso ndi wamoyo," anatero wometedwa uja.

"Wanuwo suyera lero, dikirani."

Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi chipande cha akazi awo, n'kuyamba kupalasa madzi, uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Anapalasa ola lathunthu. Wometedwayo anavala chipewa cha njinga yamoto n'kupita kuntchito ndi theka lake. Magetsi atayaka, a Matrawi anatchula za batire loyendetsa mapampu, koma a Suhartatik anati batire lilowa m'nyumba muno fani ikayamba yalowa, ndipo basi ya mawa akwera onse awiri.

Madzulo a Matrawi anagogoda kwathu, kiyi m'dzanja lino, chipande m'dzanja linalo. Anayamba ndi kuyamikira momwe ndimagwedezera Wulan, ati dzanja langa silithamanga ndiponso silitopa. Ndinadziwiratu kumene tikupita.

"Mayi a Wulan, ndi sabata imodzi yokha. Magetsi akathima, chonde muzikapalasa. Osati mozungulira ngati phala, koma uku ndi uku. Ndipo foni yanu isamazime, kuti ndizikuuzani pofunika kuwonjezera ndi pofunika kuchepetsa."