Mapaipi a Kudenga kwa Tchalitchi Chathu

"Pakamwa panupo ndi pomwe patilanditsa msonkhano, bambo!"

Anandikalipira choncho mtsogoleri wa amayi, komiti yonse ili pomwepo, titakhala pa njerwa panja pa tchalitchi chathu chatsopano pa Mwanza boma. Ndinawauza kuti pakamwa pomwepo ndi pomwe panakankha amisiri mpaka denga linakwera, koma nthawi imeneyo sanadandaule. Palibe anaseka.

Nkhani yake inali iyi. Ine ndinali wapampando wa zomanga pa boma, pomwe mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anali wapampando ku nthambi yathu ya ku malire. Akuluakulu a mpingo ananena kuti msonkhano waukulu wa amayi udzachitikira pa tchalitchi chomwe chidzayambe kupatsidwa chilolezo cha khonsolo. Mlamu wangayo ndi munthu wa mwayi wonyansa. Ku sekondale ndinkamuposa masamu, koma lero ndi iye woyendera galimoto chifukwa cha ntchito yowombola katundu pa malire. Anthu amati ndi wofatsa. Ine ndimati ndi ulesi woyankhula basi.

Tchalitchi chake chinali chapansi ngati shedi ya fodya. Chathu ndinaumirira kuti chikhale ndi chipinda cham'mwamba, chooneka ngakhale kwa madalaivala a mathiraki opita ku Zobue.

Tsiku lomwe anabwera woyendera zomanga wa ku khonsolo, zonse zinkayenda bwino. Anali bambo wochokera kumpoto, woyankhula pang'onopang'ono. Tinakwera naye masitepe, anayang'ana mawindo otchingidwa ndi zitsulo, nkufunsa kuti, "Muno mudzikhala kwaya?"

Ndikanangoti inde. Koma anali atangonena kumene kuti ku malire amanga mwaukhondo, ndipo mtima wanga unali utatentha kale.

"Kwaya yokha? Bwana, muno mudzigona amayi a msonkhano. Ena ochokera ku Kanduku, ena kutsidya ku Mozambique. Mphasa kuyambira uko mpaka uku. Ku malire kuja akawagoneka pati?"

"Amagona ndi chiyani magetsi akazima?"

"Makandulo. Kukazizira ena amabwera ndi mbaula."

Bambo uja anabwerera pa masitepe nkuwayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati malamulo a zomanga amasiyanitsa nyumba yosonkhanamo anthu ali maso ndi nyumba yogonamo anthu. Pa pulani tinalemba yopemphereramo, koma malinga ndi zomwe ndanena, iye awerenga chipindacho ngati malo ogona. Anthu ogona pamwamba, potulukira pamodzi, mawindo a zitsulo: anati pakufunika masitepe achiwiri, zitseko zotsegukira kunja, komanso mapaipi a kudenga omwe amawaza madzi okha moto ukabuka, ndi thanki yake ndi pampu yake.

"Madzi ake ati?" ndinamufunsa. "Mpopi wathu umatulutsa mphepo masiku ambiri kuposa madzi. Tidziwaza mphepo?"

"Nchifukwa chake ndati thanki."

"Nanga ku malire mwawauza za mapaipiwa? Amayi omwewa akagonanso kumeneko."

"Kumene kuja ndi pansi, ndipo zitseko zilipo mbali zonse. Komanso iwo sanandiuze kuti mudzigona anthu."

Ndi mawu omalizawo omwe amandiwawa mpaka lero. Lamulo limodzi, amayi omwewo, makandulo omwewo, koma wokhala chete apatsidwa chilolezo. Mlamu wanga sanawerengepo buku la malamulo ngakhale tsamba limodzi. Anangoima manja ali kumbuyo nkumati, "Zikomo bwana, zikomo bwana."

Komiti itabalalika ndinapeza mkazi wanga akusita yunifolomu yake ya chigwirizano cha amayi.

"Mukusitira ku malire?"

"Msonkhano ndi wa Mulungu, abambo, si wanu kapena wa achimwene."

"Achimwene anuwo mwawaimbira kale?"

"Aimba okha. Akuti ngati mukufuna, akubwerekani mmisiri wawo wa zitseko."

Kundibwereka. Ndinanena kuti mawa ndikupita ku khonsolo kukanena kuti ku malire kudzagona anthu, nawonso alawe mapaipi. Mkazi wanga sanakweze mawu. Anangoti iye adzagona kumene kuli zitseko zambiri, chifukwa ndi maondo akewo sangatsike masitepe athu aja mu utsi amayi ena akumukankha kumbuyo. Masitepewo ndinawachepetsa ndine kuti guwa likule.

Kutacha ndinavala jekete lopitira ku khonsolo, koma ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku malire, tepi yoyezera ili m'thumba. Ndinapeza mlamu wanga akuyang'anira opaka laimu.

"Alamu, mwatiyendera," anatero, akumwetulira kumwetulira kwake kuja.

Sindinamupatse mpata. Ndinayeza chitseko chake chachikulu, ndinayeza cham'mbali, nkubwerera. Msonkhano unali wake, zimenezo ndinazidziwa. Nditafika pa boma ndinaitana mmisiri wathu, ndinajambula ndi khala pakhoma pomwe tiboole zitseko zatsopano, ndipo ndinamuuza kuti chitseko chilichonse chipose cha ku malire ndi chikhatho chathunthu. Hamala yoyamba ndinamenya ndekha.